Mapiritsi Owonjezera Michere ndi Kuiwala kwa Muukalamba: Kodi Kafukufuku wa Nyama Akutiuza Chiyani?

M’masitolo a mankhwala ndiponso m’mauthenga a pa WhatsApp mumapezeka mapiritsi, ufa ndi timadzi ta m’mabotolo zimene otsatsa amati “zimanola ubongo” komanso kuti “asayansi anazitsimikizira.” Mukafufuza bwino, nthawi zambiri mudzapeza kuti amene anapatsidwa zinthuzo pa kafukufuku wotchulidwayo ndi mbewa kapena makoswe a mu labotale, osati anthu. Nkhani ino ikuthandizani kudziwa zimene asayansi anapezadi pa nyamazo, zimene zinachitika atayesa pa anthu, ndiponso zimene inu mungachite ngati mukuda nkhawa ndi kuiwala kwanu kapena kwa wokalamba amene mukumusamalira.

Mfundo zazikulu

- Makoswe, mbewa ndi agalu okalamba amene anapatsidwa michere ina yowonjezera anakumbukira zinthu bwino kuposa anzawo amene sanapatsidwe.
- Michere yambiri yotereyi itayesedwa pa anthu masauzande, sinateteze anthuwo ku matenda oiwalaiwala.
- Mavitamini amathandiza ubongo ngati thupi likuwasowadi.
- Mapiritsi ena owonjezera amasokoneza ma ARV ndi mankhwala ena, choncho funsani kuchipatala musanayambe kumwa.

Kodi mapiritsi owonjezera michere n’chiyani?

Awa ndi mapiritsi, makapisozi, ufa kapena timadzi timene munthu amamwa powonjezera pa chakudya chake cha masiku onse. Mwa zina, muli mavitamini, ayironi, zinki, kashiamu, mafuta a nsomba otchedwa omega-3, ndi zinthu zochokera ku zomera monga ginkgo, ginseng ndi cham’mwamba. Kawirikawiri zinthuzi siziyesedwa mwamphamvu ngati mmene amayesera mankhwala ochizira matenda. Mwachitsanzo, lamulo la dziko la United States la mu 1994 limalola kampani kugulitsa mapiritsi otere popanda kuyamba yasonyeza umboni wakuti amagwira ntchito. Choncho mawu a pabotolo akuti chinthucho chinachokera kunja si umboni wakuti chinayesedwa pa odwala.

Kuiwala kwa muukalamba ndi matenda oiwalaiwala

Munthu akamakalamba, ubongo wake umachedwerapo kugwira zinthu zatsopano. Akhoza kuiwala pamene waika makiyi, kapena kuvutika kutchula dzina la mnzake n’kulikumbukira patapita nthawi. Zimenezi zimachitikira anthu ambiri ndipo sizimulepheretsa munthu kudzisamalira.

Matenda oiwalaiwala, amene madokotala amawatchula kuti dementia, ndi osiyana ndi zimenezi. Maselo a mu ubongo amawonongeka moti munthu amasochera panjira imene amaidziwa bwino, amafunsa funso limodzi kambirimbiri, amalephera kuwerengera ndalama kapena kuphika, ndipo khalidwe lake limasintha. Bungwe Loona za Umoyo Padziko Lonse la WHO likuti mu 2021 anthu 57 miliyoni anali ndi matendawa, ndipo oposa 60 pa 100 alionse mwa iwo anali m’mayiko osauka ndi amene akungotukuka kumene. Mtundu wofala kwambiri wa matendawa ndi wa Alzheimer.

N’chifukwa chiyani asayansi amayamba ndi nyama?

Mbewa ya mu labotale imakhala ndi moyo zaka ziwiri kapena zitatu basi. Izi zikutanthauza kuti wofufuza akhoza kuionerera kuyambira ili yaing’ono mpaka itakalamba m’nthawi yochepa, pamene kwa munthu akanadikira zaka 70. Akhozanso kuyeza chilichonse chimene nyamayo yadya, ndipo ikafa akhoza kupima ubongo wake.

Ofufuza ambiri amatsatira ganizo ili: maselo akamasandutsa chakudya kukhala mphamvu, amatulutsa tizinthu towononga totchedwa ma free radical. Tizinthuti timadya maselo pang’onopang’ono ngati mmene dzimbiri limadyera chitsulo. Ubongo ndi umene umavutika kwambiri chifukwa umagwiritsa ntchito pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a mpweya wa okosijeni umene thupi limalandira. Michere yotchedwa ma antioxidant, monga vitamini E, vitamini C ndi zinthu zimene zimapatsa zipatso mtundu wake, imafooketsa tizinthu towonongati. Choncho funso la asayansi linali lakuti: kodi nyama yokalamba ikalandira michere imeneyi yambiri, ubongo wake ungachedwe kufooka?

Kodi amadziwa bwanji kuti khoswe akuiwala?

Njira yotchuka kwambiri inayambitsidwa mu 1981 ndi Richard Morris pa yunivesite ya St Andrews ku Scotland. Amadzaza madzi m’chidebe chachikulu chozungulira n’kuthiramo mkaka kapena utoto woyera kuti pansi pasaoneke. Penapake m’madzimo amabisa kathabwa kamene khoswe angaimepo. Khosweyo amasambira mpaka atakapeza. Akamubwezeramo masiku otsatira, khoswe wamng’ono amalunjika pakathabwapo chifukwa wasunga m’mutu zizindikiro za m’chipindacho. Makoswe ambiri okalamba amazungulirazungulira kwa nthawi yaitali. Ofufuza amawerenga masekondi ndi kutalika kwa mtunda umene nyamayo yasambira.

Choncho mukamva kuti chinthu china “chinawonjezera nzeru za makoswe,” nthawi zambiri tanthauzo lake n’lakuti makoswewo anafulumira kupeza kathabwa m’madzi.

Zimene anapeza pa nyama

Zipatso ndi ndiwo zamasamba. Mu 1999, James Joseph ndi anzake a pa yunivesite ya Tufts ku Boston anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa makoswe a miyezi 19, omwe pa msinkhu wa khoswe ndi okalamba. Kwa milungu 8, ena anawasakanizira m’chakudya zinthu zochokera ku sipinachi, ena ku sitiroberi, ndipo ena ku tizipatso takuda totchedwa blueberry. Magulu amenewa anachita bwino pa mayeso a m’madzi kuposa makoswe odya chakudya wamba. Odya blueberry anakhozanso kuyenda bwino pakamtengo kopyapyala osagwa msanga.

Michere yothandiza maselo kupanga mphamvu. Mu 2002, gulu la Bruce Ames pa yunivesite ya California ku Berkeley linapatsa makoswe okalamba michere iwiri, acetyl-L-carnitine ndi lipoic acid. Makoswewo anakhala ochangamuka, anakumbukira bwino, ndipo maselo a mu ubongo wawo anaoneka kuti sanawonongeke kwambiri.

Msakanizo wa zinthu zambiri. Pa yunivesite ya McMaster ku Canada, David Rollo, Jennifer Lemon ndi anzawo anasakaniza zinthu pafupifupi 30, kuphatikizapo mavitamini a B, C, D ndi E, tiyi wobiriwira, ginseng ndi mafuta a nsomba. Ankazinyika m’tizidutswa ta buledi n’kumadyetsa mbewa tsiku ndi tsiku kuyambira zili zazing’ono. Zina mwa mbewazo zinali zosinthidwa chibadwa kuti zizikalamba msanga. Zotsatira zimene anafalitsa mu 2016 zinasonyeza kuti mbewa zimene zinkadya msakanizowo sizinataye maselo ambiri a mu ubongo ngati zinzake, ndiponso zinkaona, kununkhiza ndi kuyenda bwino zitakalamba.

Agalu. Norton Milgram wa ku yunivesite ya Toronto, pamodzi ndi Elizabeth Head ndi Carl Cotman a ku yunivesite ya California ku Irvine, anafufuza agalu okalamba 48 a mtundu wa beagle kwa zaka zoposa ziwiri. Anawagawa m’magulu anayi. Gulu loyamba linkasamalidwa mwa masiku onse. Lachiwiri linkadya chakudya chokhala ndi ma antioxidant ambiri. Lachitatu linkadya chakudya wamba koma linkatengedwa kokayenda, kukhala ndi agalu anzake, kusewera ndi zidole ndi kuphunzitsidwa zinthu zatsopano. Lachinayi linkalandira zonse ziwiri. Chakudya pachokha chinathandiza, kuyenda ndi kuphunzira pakokha kunathandizanso, koma agalu amene anachita bwino koposa ndi a gulu lachinayi. Otsatsa mapiritsi satchula kawirikawiri mfundo imeneyi, yakuti kuyenda, kucheza ndi kugwiritsa ntchito mutu kunali mbali ya zimene zinathandiza agaluwo.

N’chifukwa chiyani zimene zagwira pa mbewa zimakanika pa munthu?

Zotsatira zimenezi si zabodza. Vuto limakhalapo munthu akazitenga ngati malangizo a kwa wodwala. Zifukwa zake ndi izi:

- Thupi la mbewa si la munthu. Ubongo wa mbewa sukwana theka la galamu ndipo uli ndi maselo otumiza mauthenga pafupifupi 70 miliyoni. Wa munthu umaposa kilogalamu imodzi ndipo uli ndi maselo otere pafupifupi 86 biliyoni. Mbewa, makoswe ndi agalu amadzipangira okha vitamini C m’thupi, pamene munthu sangathe.
- Mbewa sizidwala matenda a Alzheimer mwachibadwa. Ofufuza amachita kuzisintha chibadwa kuti zizionetsa mbali ina chabe ya matendawa.
- Mlingo ndi nthawi zimasiyana. Poyerekeza ndi kulemera kwa thupi, nyama zimapatsidwa michere yochuluka kwambiri, ndipo nthawi zina kwa moyo wonse. Kumwa mapiritsi kwa miyezi itatu muli ndi zaka 70 n’kosiyana ndi zimene zinachitikira mbewa za ku McMaster.
- Nyama za mu labotale n’zofanana chibadwa, zimadya chakudya chimodzi, ndipo kwa nthawi yaitali ofufuza ankagwiritsa ntchito zazimuna kwambiri. Sizisuta fodya, sizimwa mowa, ndipo sizikhala pa mankhwala a BP, shuga kapena HIV.
- Kupeza kathabwa m’madzi si chimodzimodzi ndi kukumbukira mayina a zidzukulu kapena nthawi yomwera mankhwala.
- Kafukufuku amene wapeza zosangalatsa amafalitsidwa msanga, pamene amene sanapeze kanthu nthawi zambiri amangosungidwa.

Vutoli silikhudza mapiritsi owonjezera okha. Akatswiri ataunika mankhwala 244 a matenda a Alzheimer amene anayesedwa pa anthu kuyambira 2002 mpaka 2012, anapeza kuti amodzi okha ndi amene anavomerezedwa.

Zimene zinachitika atayesa pa anthu

Pa kafukufuku wodalirika, anthu amagawidwa mwa maere. Ena amalandira mankhwala enieni, ena amalandira mapiritsi ofanana nawo maonekedwe koma opanda mankhwala, ndipo palibe amene amadziwa gulu limene ali mpaka kafukufukuyo atatha.

Ginkgo. Ku United States, anthu 3,069 a zaka 75 kapena kuposerapo anatsatiridwa kwa zaka pafupifupi 6. Theka la iwo linkamwa mamiligalamu 120 a ginkgo kawiri patsiku. Zotsatira za mu 2008 zinasonyeza kuti ginkgo sanachepetse chiwerengero cha odwala matenda oiwalaiwala. Kafukufuku wina wa ku France wa anthu oposa 2,800, wofalitsidwa mu 2012, anapeza zomwezo.

Vitamini E. Mu 2005, kafukufuku wa anthu 769 amene anali atayamba kuiwala pang’ono anasonyeza kuti kumwa vitamini E wambiri kwa zaka 3 sikunawateteze ku matenda a Alzheimer.

Mafuta a omega-3. Kafukufuku wa mu 2015 wa okalamba oposa 3,000, amene anatsatiridwa kwa zaka 5, sanapeze kusiyana pa kukumbukira pakati pa amene ankamwa makapisozi a mafutawa ndi amene sankamwa.

Mapiritsi a mavitamini osiyanasiyana. Pano zotsatira sizikugwirizana. Kafukufuku wa madokotala aamuna 5,947, amene anamwa mapiritsiwa kwa zaka pafupifupi 12, sanapeze phindu pa ubongo atafalitsidwa mu 2013. Koma kafukufuku wotchedwa COSMOS-Mind wa mu 2022, wa anthu 2,262 a zaka 65 kapena kuposerapo, anapeza kuti amene anamwa kwa zaka 3 anakhoza bwino pang’ono pa mayeso a kukumbukira. Kusiyanako kunali kochepa, ndipo kafukufukuyo sanasonyeze kuti mapiritsiwo amaletsa matenda oiwalaiwala.

M’malangizo ake a mu 2019, bungwe la WHO linanena kuti anthu asamalimbikitsidwe kumwa mavitamini a B ndi E, mafuta a omega-3 kapena mapiritsi a michere yosakaniza pofuna kupewa kuiwala kapena matenda oiwalaiwala.

Mfundo yomweyi ikukhudzanso ufa wa cham’mwamba ndi wa malambe. Zimenezi ndi zakudya zabwino, ndipo cham’mwamba chinayesedwapo pa makoswe. Koma palibe kafukufuku wamkulu wa anthu amene wasonyeza kuti zimateteza ku matendawa. Zidyeni monga chakudya, osati m’malo mwa mankhwala.

Kodi ndi liti pamene mavitamini amathandizadi?

Amathandiza ngati kuiwalako kwayamba chifukwa chakuti thupi likusowa michere inayake.

- Vitamini B12 amapezeka mu nyama, nsomba, mazira ndi mkaka. Akasowa, munthu amachepa magazi, amamva dzanzi m’mapazi, amayenda mwadzandidzandi ndipo amaiwala. Okalamba ndiponso anthu amene akhala zaka zambiri pa metformin, mankhwala a shuga, amasowa vitaminiyu kawirikawiri.
- Vitamini B3 akasowa, munthu amadwala pelagra: khungu limada ndi kung’ambika m’malo omenyedwa ndi dzuwa monga pakhosi ndi m’manja, amatsegula m’mimba, ndipo mutu umasokonezeka. Matendawa amagwira kwambiri anthu odalira nsima popanda mtedza, nyemba kapena nsomba. Mu 1990 anthu oposa 18,000 othawa nkhondo ya ku Mozambique anadwala pelagra kum’mwera kwa Malawi mtedza utasiya kugawidwa m’misasa.
- Vitamini B6 amachepa mwa anthu omwa isoniazid, mankhwala ochiza ndi kupewa TB. N’chifukwa chake kuchipatala amapereka pyridoxine pamodzi ndi mankhwalawa.
- Vitamini B1 amasowa mwa anthu omwa mowa mwauchidakwa, ndipo kusowa kwake kukhoza kuwonongeratu ubongo ngati munthu sanathandizidwe msanga.

Pa mavuto onsewa, wachipatala ndiye ayenera kukupimani n’kukuuzani vitamini woyenera ndi mlingo wake.

Kodi pali kuopsa kotani?

Mawu akuti “zachilengedwe” satanthauza kuti chinthu sichingavulaze.

- Ma ARV. Kashiamu, ayironi, magineziyamu ndi zinki, zimene zimapezeka m’mapiritsi ambiri a mavitamini, zimagwira dolutegravir m’mimba n’kumulepheretsa kulowa bwino m’magazi. Dolutegravir ali mu TLD, mapiritsi amene anthu ambiri m’chigawo chino amamwa. Malangizo ake ndi akuti mumwe ma ARV kutatsala maola awiri kuti mumwe michereyo, kapena patapita maola 6 chimwereni. Ngati anakupatsani ayironi kusikelo, musasiye kumwa. Funsani namwino mmene mungagawire nthawi.
- Chomera chotchedwa St John’s wort, chimene chimagulitsidwa kwa anthu ovutika maganizo, chimafooketsa ma ARV ndi mapiritsi olerera.
- Ginkgo ndiponso vitamini E wambiri zikhoza kuchititsa kuti magazi asamaundane msanga, makamaka ngati mukumwa warfarin kapena aspirin, kapena mukuyembekezera opaleshoni.
- Pa kafukufuku wa amuna oposa 35,000 wofalitsidwa mu 2011, amene ankamwa vitamini E tsiku lililonse anadwala khansa ya prostate mochuluka ndi 17 peresenti kuposa amene sankamwa.
- Ku Finland, kafukufuku wa mu 1994 wa amuna osuta fodya oposa 29,000 anapeza kuti mapiritsi a beta-carotene, amenenso ndi antioxidant, anawonjezera khansa ya m’mapapo ndi 18 peresenti.

Palinso kuopsa kwina kumene sikuoneka msanga. Banja likamadalira botolo la mapiritsi, likhoza kuchedwa kupita ndi wokalamba kuchipatala, ndipo ndalama zimene zikanagula chakudya, magalasi a maso kapena kulipirira ulendo wokatenga mankhwala a BP zimathera pomwepo.

Zimene zimateteza ubongo

Mu 2024, gulu la akatswiri la magazini ya zachipatala ya The Lancet linatchula zinthu 14 zimene, zitathetsedwa, zikhoza kupewetsa kapena kuchedwetsa pafupifupi 45 peresenti ya matenda oiwalaiwala padziko lonse. Zambiri mwa izo mukhoza kuchitapo kanthu:

- Yezetsani BP, shuga ndi mafuta a m’magazi, ndipo imwani mankhwala mokhulupirika ngati akupezani ndi vuto.
- Siyani fodya ndipo chepetsani mowa.
- Gwiritsani ntchito thupi. WHO imalimbikitsa mphindi zosachepera 150 pamlungu. Kuyenda ndawala, kulima ndi kupalasa njinga zonse zikuwerengedwa.
- Pimitsani makutu ndi maso. Ng’ala imachotsedwa ndi opaleshoni yaing’ono.
- Musakhale nokhanokha. Kucheza, kupita kumapemphero ndi kumisonkhano ya m’mudzi, kusewera bawo ndi kuwerenga zimapatsa ubongo ntchito.
- Funani thandizo ngati mwakhala wokhumudwa kwa milungu yambiri.
- Tetezani mutu povala chipewa cholimba mukakwera njinga yamoto.
- Chepetsani utsi. Ngati mumaphikira nkhuni kapena makala, phikirani pamalo podutsa mpweya.
- Onetsetsani kuti ana akupita kusukulu, chifukwa maphunziro a paubwana amateteza ubongo mpaka muukalamba.

Pa nkhani ya chakudya, idyani zakasinthasintha: mgaiwa, nyemba, nandolo, mtedza, usipa, matemba kapena kapenta, mazira, bonongwe, nkhwani, chisoso ndi zipatso za m’nyengo yake monga mango, magwafa ndi mapapaya. Simukufunikira blueberry wochokera kunja kuti mupeze ma antioxidant.

Mafunso oti mudzifunse musanagule

1. Kodi kafukufuku amene akutchulidwayo anachitika pa nyama kapena pa anthu?
2. Ngati anali anthu, analipo angati, ndipo anatsatiridwa kwa nthawi yaitali bwanji?
3. Kodi panali gulu lina lolandira mapiritsi opanda mankhwala kuti ayerekezere?
4. Kodi amene akukuuzani za ubwino wake ndi amenenso akugulitsa?
5. Kodi pabotolo palembedwa zonse zimene zili m’katimo, dzina la wopanga ndi tsiku lothera mphamvu?

Gulani m’masitolo a mankhwala ovomerezeka. Ngati mukukayikira, mukhoza kufunsa bungwe loyang’anira mankhwala m’dziko lanu: PMRA ku Malawi, ZAMRA ku Zambia, MCAZ ku Zimbabwe kapena SAHPRA ku South Africa. Popita kuchipatala, tengani mabotolo onse amene mukumwa, ngakhale a zitsamba.

Nthawi yopita kuchipatala

Pitani ndi wokalambayo kuchipatala ngati kuiwala kukukulirakulira m’kati mwa miyezi ingapo, ngati akusochera, akulephera ntchito zimene ankazidziwa, kapena khalidwe lake lasintha. Kumeneko akhoza kufufuza zinthu zina zochizika zimene zimachititsanso kuiwala, monga kusowa kwa vitamini B12, vuto la chithokomiro, chindoko, HIV, matenda a maganizo, kapena mankhwala amene akumwa.

Thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo ngati munthu wasokonezeka mwadzidzidzi, wapotoka pakamwa, wafooka mbali imodzi ya thupi, akulephera kulankhula, watentha thupi kwambiri, kapena wayamba kusokonezeka atagwa n’kumenyetsa mutu.

Kwa inu amene mukusamalira wodwala: matenda oiwalaiwala ndi matenda a ubongo, si ufiti. Wokalamba amene wapezeka akuyenda usiku kapena akulankhula zosamveka akufunika kutetezedwa ndi kupimidwa. Fotokozerani achibale ndi anthu oyandikana nanu za matendawa, muike m’thumba mwake kapepala kokhala ndi dzina lake ndi nambala ya foni yanu, ndipo gawanani ntchito yomusamalira kuti nanunso muzipeza nthawi yopuma.